Fomu Yawo Ilibe Malo a Ng'ombe Zoikiza

Malemu amuna anga anagwira ntchito ya umesenjala ku Boma zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo anabwera kunyumba ndi chenjezo limodzi lokha: "Anaphiri, mukapereka pepala mu ofesi, musatuluke musanaone pamene aliika." Ndinamvera. Pamene anaika mapepala anga ndinapaona ndi maso angawa. Kabati yachitsulo, dirowa yachiwiri kuchokera pansi. Sizinandithandize kanthu.

Lero ndi Lachitatu. Mkuja, Lachisanu, mabelifi, olanda katundu otumidwa ndi khoti, akubwera kudzatulutsa ng'ombe ziwiri m'khola mwanga. Ng'ombezo si zanga. Ndapita kanayi ku ofesi ya maloya kukanena zimenezi, ndawononga K1,665 pa thandizo limene amati ndi laulere, ndipo dzulo andiuza kuti ndibwere Lolemba. Kodi Lolemba limabwera Lachisanu lisanafike? Mwina kwa anthu ophunzira masiku amayenda chobwerera m'mbuyo.

Ndikulemba pa gulu lathu la pa foni lino chifukwa ambiri a inu munali m'tchalitchi tsiku lija anabwera anthu ovala masikipa ofanana, n'kulengeza itatha Misa kuti mabanja ovutika ndi nkhongole azipita kwa iwo, maloya alipo, salipiritsa. Munaomba m'manja. Ine sindinaombe, munandiona. Koma keyala yawo ndinailemba kuseri kwa buku la nyimbo. Dzina la kabungweko sindilitchula pano, ndilibe ndalama za mlandu wachiwiri.

Chiyambi chake ndi mwana wanga Damiano. Chaka chatha anakatenga K6,000 ku kampani ina yokongoza ndalama m'tauni, akuti agule nshawa m'midzi akagulitse ku Lusaka. Lole inafera panjira, mvula inapeza matumba alibe tenti, nshawa zinachita nkhungu. K6,000 ija inabereka, inaberekanso, lero ikutchedwa K14,500. Masamoni a kukhoti atabwera, iye anawabisa m'thumba la jekete. Mlandu unaweruzidwa iye kulibe. Kenako anakwera basi, akuti akukafuna ntchito. Foni yake imalira, sayankha. Anandisiyira mkazi wake, make Joyisi, ndi ana anayi.

Pokongolapo anamufunsa chikole. Iye analemba ng'ombe ziwiri. Munthu wa kampaniyo anabwera kudzazijambula tsiku limene ine ndinali kumaliro mudzi wina. Damiano anachita kusankha tsikulo. Amandidziwa.

Tsopano mvetserani, inu obadwira m'tauni, chifukwa apa ndi pamene maloya anu akulephera. Bantomu ndi Sikochi ndi ng'ombe za alamu anga, a Lungu a ku Chipangali, akulu awo a malemu amuna anga. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo miyendo inawakana, analibenso wowadyetsera, ndiye anadzaziikiza kwa ine. Kuikiza ndi kotere: ng'ombe imagona m'khola mwako, umalimira, manyowa ndi ako, ikadwala umaigulira mankhwala. Koma sugulitsa, supha, supinyolitsa. Tsiku limene mwini wake adzati ndazifuna, umatsegula khola. Palibe pepala. Anabwera nazo, ndinapha nkhuku, panali akuluakulu awiri, tinadya, basi. Mmodzi mwa akuluakuluwo anamwalira. Winayo anatengedwa ndi mwana wake kupita kumigodi, ndipo akuti masiku ano sazindikiranso ngakhale mkazi wake.

Damiano ankadziwa zonsezi. Nkhuku ija anadya nawo. Mwendo.

Mabelifi anabwera Lachisanu lina, mkuja akwana masabata atatu. Anaima pa khola, analemba maonekedwe a ng'ombe m'buku lawo, anandipatsa pepala. Ndinawauza kuti si zathu. Wamkulu wawo sanali wamwano. Anati, "Amama, ife timatsata zimene khoti yalemba. Tikupatsani masabata atatu. Pezani loya."

Ndiye ndinakafuna loya.

Ulendo woyamba unali Lolemba. Ndinanyamuka 05:30. Njinga yamoto kuchokera kwathu mbali ya ku Tamanda kukafika pa msewu, K40. Minibasi kukafika m'Chipata, K60. Kubwerera chimodzimodzi. Ndalamazo ndinazigawa pawiri, zina m'kathumba ka m'kati, zina m'sokosi, chifukwa kondakitala sindimamukhulupirira, ndipo wokhala naye mpando umodzi sindimamukhulupiriranso ngakhale atanyamula kolona.

Ndinafika 07:40. Ofesiyo ili pamwamba pa shopu ya malata ndi simenti. Masitepe 23, ndinawerenga. Mlonda anandilemba m'buku, anandipatsa nambala 9. Pa chitseko analemba kuti amatsegula 08:00. Anatsegula 09:15. Pofika 12:30 anali pa nambala 7, ndiye anatseka kuti akadye. Ife tinatsala pa benchi, tikuyang'ana chithunzi chachikulu cha pakhoma cha mayi wakumudzi akumwetulira atagwira pepala. Mayi ameneyo ndikufuna ndidzakumane naye, ndimufunse kuti anafika nthawi yanji.

Anandiitana 14:20. Mayi wa pa desiki, wa zikhadabo zazitali zopaka zofiira, anati ndisiye reji yanga, chitupa cha Boma chija, masamoni amene ndinawapeza m'jekete la Damiano, ndi pepala la mabelifi. Ndinati zenizenizo sindisiya, apange fotokope. Anati makina alibe inki. Ndinatsika masitepe 23, ndinawoloka msewu, masamba asanu ndi awiri pa K5 limodzi, K35, ndinakwera masitepe 23. Tsamba lililonse ndinaliika pambali pa linzake kuona ngati afanana. Mayiyo anapumira m'mwamba, anati, "Ambuya, kuli anthu ena kumbuyo kwanu."

Kenako anatulutsa fomu ya Chingerezi. Ine ndimawerenga Chinyanja bwinobwino, Baibulo ndinalimaliza kawiri. Chingerezi changa chimathera pa mitengo ya m'shopu. Ndiye iye ankafunsa, ine ndikuyankha, iye akulemba.

"Muli ndi ziweto?"

Ndinayamba kufotokoza za a Lungu, za miyendo yawo, za kuikiza.

"Ambuya, funsoli ndi la inde kapena ayi. M'khola mwanu muli ng'ombe?"

"Zilimo, koma..."

"Zingati?"

"Ziwiri. Koma ndi za alamu anga, anadzaziikiza."

"Zimenezo mukauze a loya. Fomu ilibe malo a nkhani."

Analemba. Ananditembenuzira pepalalo kuti ndisaine. Ndinafunsa kuti mwalemba chiyani. Anati, "Zimene mwanena." Nthawi inali 15:50, minibasi yomaliza ya kwathu imanyamuka 16:30, chidyereni phala la m'mawa. Ndinasaina. Ine amene ndimawerengetsa chenje kawiri ngakhale kwa asisitere ogulitsa makandulo, ndinasaina pepala limene sindinalimve. Ndinaima mpaka aliike m'kabati muja, ndiye ndinatsika. Anati loya ndimuona Lachinayi.

Ulendo wachiwiri, Lachinayi. K200 ina. Ndinafika 07:35, nambala 4. Pa 10:00 mlonda anabwera kudzatinong'oneza kuti maloya onse kulibe, ali ku wekishopu ku loji ina kunja kwa tauni. Ndinamufunsa kuti wekishopu ya chiyani. Anakanda m'mutu, anati, "Akuti akuphunzira mmene angafikire anthu akumidzi."

Anthu akumidzi tinali asanu ndi mmodzi pa benchi lawo. Tinali titawafikira kale.

Ndinafunsa mayi wa pa desiki kuti bwanji sanandiimbire, nambala yanga ili pa fomu. Anati foni ya ofesi ilibe tokotaimu. Anati ndibwere Lachiwiri.

Ulendo wachitatu, Lachiwiri. K200 ina. Loya ndinamuona 11:05 mpaka 11:16. Mphindi khumi ndi imodzi. Zinayi anali pa foni yake, akukambirana ndi makanika za matayala. Bambo wa tayi, waulemu ndithu, anandipatsa mpando, ananditcha ambuya katatu. Fayilo yanga inali pa tebulo. Sanaitsegule.

Ndinali nditamva pa wailesi kuti pali lamulo loti munthu akagwa, alibiretu kanthu, khoti imamulemba kuti wagwa ndipo okongoza amayamba amuleka. Ndinafunsa ngati Damiano sangalembedwe choncho. Anaseka. Osati mwachipongwe, koma anaseka. Anati, "Ambuya, bankirapusi ija ndi ya anthu a malole ndi mashopu. Kungoiyamba kokha kungadye ndalama zoposa nkhongole yanuyi."

Ndiye kuti munthu avomerezedwe kuti alibe kanthu, ayambe wakhala ndi kanthu?

Anati njira zathu ndi ziwiri. Yoyamba, kalata yopempha kampani kuti tizilipira pang'onopang'ono tikakolola, ndipo kalatayo anati inatumizidwa kale sabata yatha. Ndinafunsa kuti mwalembamo chiyani. Anati, "Za masiku onse, musadandaule." Yachiwiri, kuuza khoti kuti ng'ombe si za wokongola.

"Lisiti la ng'ombezo muli nalo?"

"Zinabadwira m'khola, bambo. Mayi wake sanapereke lisiti."

"Nanga agirimenti ya pakati pa inu ndi alamu anuwo?"

"Tinadya nkhuku."

Anaika bolopeni pansi. "Ambuya, munthu angasiye ng'ombe ziwiri kwa mnzake osalemberana?"

Ndinamufunsa kuti kwanu n'kuti. Anati anabadwira ku Kitwe koma makolo ndi a ku Katete. Ndinati mukadzapita ku Katete mukafunse ambuya anu kuti ng'ombe zimene zili m'khola mwawo zonse ndi zawo.

Anati popeza palibe pepala, mwini wake abwere yekha adzalumbire. Ndinati a Lungu ali ndi zaka 81 ndipo sayenda. Anati palibe njira ina. "Mubwere nawo Lachiwiri likubwerali 09:00. Ndidzakhala nditakonza pepala, adzangolumbira n'kudinda chala. Lachitatu tikapereka kukhoti, mabelifi aimitsidwa." Ndinati mawu amenewa mundilembere, musaine. Anasekanso, anati, "Ambuya inu, mukanakhala loya." Analemba tsiku ndi nthawi pa kapepala kachikasu. Sanasaine. Kapepalako ndili nako.

Apa ndinene chimene sindinauze munthu aliyense pa gulu lino. Masabata awiri onsewo a Lungu sankadziwa kanthu. Ndinkaganiza kuti nkhaniyi ithera ku ofesi, iwo osamva. Munthu anandisungitsa chuma chake, ine n'kukamuuza kuti mwana wanga wachipinyolitsa? Ndikanakonda kukwera masitepe aja kakhumi.

Ndinapita Loweruka. Njinga yamoto kupita ndi kubwera, K260. Ndinawapeza pakhonde akusenda nshawa zambewu, miyendo ataitambasula pa saka.

"Alamu, mwabwera osatumiza mawu. Kwagwanji?"

"Kuli bwino, alamu."

"Ana?"

"Ali bwino."

"Bantomu phazi lija linapola?"

Apo ndinalephera. Ndinachoka pa mpando umene anandipatsa, ndinakhala pansi pa fumbi, ndinanena zonse, kuyambira nshawa za nkhungu mpaka buku la mabelifi. Sanandidule. Nditamaliza anapitiriza kusenda. Anasenda nshawa mwina makumi awiri, ine ndikumva kuthetheka kwa makoko basi.

Kenako anati, "Damiano uja ndinamugwira ndine pa ubatizo."

Anasendanso.

"Alamu, pamene miyendo inandikana, ana anga enieni anazifuna ng'ombezi. Ndinawakaniza. Ndinati zipite kwa Anaphiri, amene amawerenga nkhuku zawo m'mawa ndi madzulo. Ndinati kumeneko ngakhale ntchentche singalowe m'khola osafunsidwa dzina."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndikudya bwino masiku ano.

Anandiuzanso chimene sindinkadziwa. Anati Sikochi ndiye bokosi lawo ndi chakudya cha anthu odzawaika m'manda. Bantomu ndi wa akazi awo, adzagulitse akadzatsala okha. Anakonza kale zonsezi m'mutu. Ndiye anati, "Lachiwiri mubwere ndi galimoto. Maloya anuwo ndikawauza ndekha."

Ndinagulitsa mbuzi yanga yaikazi K700. Inali ya K1,000, koma wogula anaona kuti ndili pa changu. Galimoto yokawatenga ku Chipangali, kupita m'tauni ndi kubwerera, K750.

Ulendo wachinayi, dzulo. Tinafika 08:50. A Lungu anavala jekete lawo la pa Sabata ndi chipewa. Tinaima pansi pa masitepe 23 aja. Ndinakwera ndekha kukafunsa ngati loya angatsike, popeza mwini nkhani sayenda. Mayi wa pa desiki anati maloya sagwirira ntchito panja. Ndiye mlonda uja ndi bambo wina wonyamula simenti pa shopu ya pansi anawakhazika pa mpando wa pulasitiki, n'kuwanyamula. Munthu wa zaka 81, wolera ana asanu ndi atatu, akukwezedwa ngati thumba la feteleza, chipewa atachigwira ndi dzanja kuti chisagwe. Pakati pa masitepe anati, "Anyamata, musandigwetse, bokosi langa lili pa mlandu." Onyamulawo anaseka. Ine sindinathe.

Mlonda ameneyo ndikumuthokoza pamaso pa nonse. Pa ofesi yonseyo ndi yekhayo amene ananyamulapo kanthu.

Loya wa tayi uja kunalibe. Anapita ku Lusaka Lolemba. Ndinaonetsa kapepala kachikasu. Mayi wa pa desiki anakayang'ana, anati, "Palibe siginecha." Pepala loti a Lungu alumbire silinakonzedwe. Palibe amene anauzidwa kuti tikubwera.

Tinadikira mpaka 11:40. Anatilowetsa kwa loya wina, mayi wa magalasi. Ameneyu anatsegula fayilo n'kuwerenga. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anawerenga tsamba limodzi kawiri. Anavula magalasi.

"Ambuya, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Mukudziwa zimene zalembedwa apa?"

"Anati zimene ndinanena."

Anandiwerengera m'Chinyanja, pang'onopang'ono. Katundu wa banja: nyumba ya malata imodzi, mbuzi zitatu, ng'ombe ziwiri.

Fomu imeneyo anaimata ku kalata ija yopita ku kampani, ija ya "za masiku onse". Ndi mmene amachitira, akuti, kuti wokongoza aone kuti banja ndi losauka. Kampani inayankha. Yankholo linali m'fayilo momwemo, linagonamo masiku asanu ndi limodzi popanda wolitsegula. Loyayo anandimasulira. Akuti akuthokoza ofesiyi potsimikiza kuti banjali lili ndi ng'ombe ziwiri, choncho palibe chifukwa cholipirira pang'onopang'ono.

Mwamva? Ndisanapite kwa maloya, kampani inali ndi mawu a Damiano okha, munthu wothawa. Nditapita kwa maloya, ili ndi siginecha yanga, pa pepala la chidindo cha ofesi yothandiza osauka. Ndinalipira K200 kuti ndikachitire umboni wondilanda.

Loyayo anaitana mayi wa pa desiki. Anabwera akutafuna chingamu.

"Ambuya anati zilimo m'khola."

"Ndinati ndi za a Lungu! Awa akhala apawa!"

"Ine ndinawauza kuti fomu ilibe malo."

Loyayo anangotembenuza fomuyo. Kumbuyo kwake kuli theka la tsamba, mizere yopanda kanthu, pamwamba pake analembapo kuti zina zofunika kudziwa. Mayi wa pa desiki anayang'ana, anati, "Kumbuyoko sitimalembako, zimachedwetsa mzere."

Zimachedwetsa mzere. Mzere wake uti? Umene umayamba 09:15 n'kukadya 12:30?

A Lungu anavula chipewa, anachiika pa bondo, anati, "Mayi, ine ndine mwini ng'ombe. Ndabwera. Ndilumbire pati?"

Ndisaname, mayi wa magalasiyo anayesa. Sanapite kukadya. Analemba yekha pepala la lumbiro, anawafunsa a Lungu mtundu wa ng'ombe iliyonse, iwo anafotokoza mpaka kachipsera ka pa khutu la Sikochi. Anadinda chala 14:45. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinafunsa kuti ndiye mawa mukapereka kukhoti?

Anayang'ana pa tebulo. Anati tsopano pali mapepala awiri ochokera mu ofesi imodzi, lina likuti ng'ombe ndi za banja, lina likuti si za banja. Lamulo la ofesi yawo ndi lakuti pepala lotsutsa kalata imene inatuluka kale silingapite kukhoti abwana asanalione n'kusaina. Abwana ali ku Lusaka, pamodzi ndi wa tayi uja. Abwera Lolemba.

Ndinati aimbireni. Anati abwana amafuna kuona pepala lenileni m'manja. Ndinati ndiye imbirani mabelifi, muwauze kuti mwini wake wapezeka, adikire masiku atatu okha. Anati foni ya ofesi ilibe tokotaimu. Ndinavula nsapato, ndinatulutsa K20 m'sokosi, mlonda anakagula. Anaimba katatu ine ndikuona. Palibe anayankha. Anati ayesanso. Ndinamufunsa kuti ndi tokotaimu ya ndani.

Ena a inu mwandiuza kale kuti ndizithawitse ng'ombezo, ndizibweze ku Chipangali mabelifi adzapeze khola lopanda kanthu. Ndinafunsa zimenezo. Loyayo anati chinthu chimene mabelifi alemba kale m'buku ukachisuntha ndi mlandu, ndipo womangidwa ndi mwini khola. Ndikamangidwa ine, ana anayi aja atsala ndi make Joyisi yekha, amene chichokereni mwamuna wake amayiwala ndi mchere womwe. Ndiye sindizithawitsa. A Lungu nawonso akana. Anati, "Ng'ombe zanga sizinabe kanthu, zithawirenji?"

Werengani nokha. Maulendo atatu, K600. Fotokope, K35. Ku Chipangali, K260. Galimoto, K750. Tokotaimu, K20. Mbuzi yapita, nshawa zambewu ndagulitsako mabigili awiri, mvula ili pafupi. Akanandiuza tsiku loyamba kuti ambuya sitingathe, bwenzi K1,665 imeneyo nditakaipereka ku kampani, mwina akanandimvera chisoni n'kudikira. Sindikudziwa. Koma bwenzi pepala lija kulibe.

Ndatopa, abale. Ndilibe mphamvu zotukwana. Ndingofunsa, ndipo ndikudziwa kuti pa gulu lino pali wina amene mlongo wake amagwira ntchito kumeneko, awatumizire.

Munatsegula ofesi yothandiza alimi m'Chipata muno, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anamvapo za kuikiza ng'ombe? Fomu yanu inalembedwera anthu a kuti? Munthu wosadziwa Chingerezi mumamusainitsa bwanji osamuwerengera? Kalata yonena za katundu wanga inatuluka bwanji ine osaimva? Yankho linagona masiku asanu ndi limodzi m'fayilo, analigoneka ndani? Abwana anu ku Lusaka alibe foni yolandirira chithunzi cha pepala, pamene ine nkhalamba ya kumudzi ndimalandira zithunzi za maliro a anthu osawadziwa tsiku lililonse? Ndipo ng'ombe zikapita Lachisanu, Lolemba ndidzabwere kudzatani? Kudzajambulitsa chithunzi cha pakhoma?

Kwa inu amene muli ndi nkhongole ndipo mukuganiza zopita kumeneko, sindikuti musapite. Kulibe kwina. Koma pitani ndi munthu wowerenga Chingerezi, wa kwanu, osati wa pa benchi. Musasaine asanakuwerengereni mzere uliwonse, ngakhale minibasi ikusiyeni mugone pa siteshoni. Tembenuzani pepala muone kumbuyo. Ndipo ngati muli ndi ng'ombe, ngolo kapena pulawo ya mwini m'bwalo mwanu, lemberanani lero, ngakhale pa pepala la m'kope la mwana. Ndikudziwa kuti ndi zamanyazi kupempha m'bale kuti asaine. Manyazi amene ndinaona Loweruka pa fumbi paja ndi aakulu kuposa amenewo.

Pobwerera dzulo, titafika pa mphambano, dalaivala anafuna kukhotera ku Chipangali. A Lungu anamugwira paphewa, anati, "Ayi, kwa alamu." Agona kwathu. Lero m'mawa anapempha kuti tiwanyamule tikawakhazike pa khomo la khola. Ine ndi make Joyisi tinawanyamula, tinapuma kawiri panjira. Pamene ndikulemba pano ali pomwepo, ajekete ndi chipewa, akukanda Sikochi pamphumi. Sanandinene kanthu. Amangondifunsa ngati ng'ombe zamwa.

Lachisanu ndidzakhala nawo pamenepo kuyambira m'mawa, fotokope ya lumbiro lawo ili m'manja. Sindidzalimbana ndi munthu. Ndidzangowaonetsa mabelifi pepalalo ndi mwini wake. Mwina wamkulu uja adzamva. Mwina adzati amatsata zimene khoti yalemba.

Mukundidziwa, sindinapemphepo kanthu pa gulu lino, ndipo ena a inu ndinakubwezanipo pakhomo chifukwa munabwera osanena chimene mwadzera. Lero ndikupempha. Amene munaona ng'ombezi zikubwera kuchokera ku Chipangali chaka chija, amene ndinakukanizanipo kubwereka Bantomu n'kukuuzani kuti ndi wa mwini, bwerani mudzanene zimenezo pamaso pa mabelifi. Amene simukudziwa kanthu, bweranibe. Musanditumizire tizithunzi ta manja opemphera pa foni. Bwerani ndi miyendo. Shuga yanga yakwera, mutu ukuzungulira ndikaimirira msanga, ndipo a Lungu sindingawanyamule ndekha kuwabweza m'nyumba zinthu zikavuta.

Ngati Lachisanu simungathe, patukani Loweruka mudzandione. Mukadzapeza khola lili lotsegula, musadzandifunse kanthu. Mudzangotenga mpando pakhonde, mukhale nane pang'ono.